Mapazi pa Utuchi

1. Msomali

Pakati pa shopu ya ukalipentala panali msomali umodzi wokhomedwa pansi, pathabwa. Mutu wake unali utasalala ndi zidendene za ana mpaka kumanyezimira ngati batani latsopano.

Masana m'shopumo ankapangamo zitseko, mabedi ndi makabati. Ikakwana folo koloko, mwini shopu ankazimitsa makina, kukankhira mabenchi kukhoma, kuvula ovolosi n'kuvala zoyera ndi lamba wakuda. Kuyambira pamenepo sanalinso kalipentala. Anali a Sensei, kutanthauza mphunzitsi, ndipo ana khumi ndi anayi ankabwera kudzaphunzira karate.

Ntchito yoyamba inali kusesa utuchi. Yachiwiri inali kata.

Kwa amene sadziwa, kata ndi ndondomeko ya mayendedwe. Munthu amaima yekha, popanda womenyana naye. Amatchinga kumanzere, kuponya nkhonya, kutembenuka, kutchinga kumanja, kupita kutsogolo, kubwerera, zonse motsatana monga anaziikira akale. Suwonjezera, suchotsera. Ukachita bwino, umathera pamalo pomwe unayambira. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya msomali uja. Unkayamba chidendene chakumanzere chili pamsomali, n'kumaliza chili pomwepo.

M'gululi munali mtsikana wina amene ankadana nayo kata. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anzake ankamutcha Mphezi, chifukwa mwendo wake unkafika kukhutu kwa munthu mwiniwakeyo asanaphethire. Pomenyana panalibe womuposa, ngakhale anyamata. Iye ankadziwa zimenezi, ndipo zinamulowa m'mutu.

"Uku n'kuvina," anatero tsiku lina akusesa. "Kumenyana ndi mphepo. Kodi mphepo inayamba yakubwezerapo chibakera?"

Ankauza Tulo, mtsikana wamtali wa maso ogwa ngati wangodzuka kumene. Tulo ankachita chilichonse modekha, ngakhale kuyankha.

"Sinandibwezerepo," anatero. "N'chifukwa chake ndimaikonda. Sinanditupitsepo mlomo ngati mmene umachitira iwe."

Mphezi ankachita kata mothamanga ngati akuthawa mvula. Pomaliza ankapezeka kutali ndi msomali, phazi lathunthu ndi theka. Koma anali ndi nzeru zake. Pa sitepe yomaliza, yobwerera m'mbuyo, ankatambasula mwendo n'kuukoka mpaka chidendene chitakhudza msomali. Kenaka ankawerama mwaulemu ngati mwana wosalakwa. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi. Kuba n'kuba, ngakhale chobedwacho chikhale mutu wa msomali.

Lolemba lina a Sensei anaimitsa ana onse pamzere.

"Mwezi wamawa kuli mpikisano wa magulu onse," anatero. "Kwa atsikana a msinkhu wanu atipatsa malo amodzi. Amodzi basi. Loweruka ndisankha pakati pa iwe ndi iwe." Analoza Mphezi, n'kuloza Tulo. "Mudzachita kata, kenaka mudzamenyana. Koma wosathera pamsomali sapita, ngakhale amenye ngati nyundo."

Mphezi anaseka chamumtima. Msomali ankaudziwa njira yake.

2. Tsiku limene sanasese

Lachitatu ana atagwira matsache, a Sensei anawaletsa.

"Lero musasese."

Anatenga thumba la utuchi wosalala n'kuuwaza pansi. Anausalaza ndi kathabwa mpaka pansi ponse panaoneka ngati pepala losalembedwa. Kenaka anafukula mutu wa msomali ndi chala.

"Tulo, yamba."

Tulo anachita kata yake modekha, monga mwa masiku onse. Atamaliza anachoka chammbali. Mapazi ake anatsala pautuchi, otalikirana mofanana. Paliponse pomwe anatembenuka panali chizindikiro chozungulira, ngati pomwe panakhala kapu. Mapazi opita ndi obwerera ankagwera pamodzimodzi.

A Sensei anasalazanso. "Mphezi."

Mphezi anayamba ndi liwiro. Nkhonya zake zinkalira m'malere. Anafuula mokweza kuposa onse, anabwerera m'mbuyo, chidendene pamsomali, n'kuwerama.

"Usasunthe," anatero a Sensei.

Anachotsa pensulo yomwe inali kukhutu kwawo n'kunyonyomala pambali pa mapaziwo.

"Ana inu, bwerani muwerenge kalata imene mnzanu watilembera. Pakamwa pamanama, koma phazi silidziwa kunama. Taonani apa. Apa ndi pomwe amayenera kutembenuka phazi lili pansi. Mukuona chozungulira ngati cha Tulo chija? Palibe. Sanatembenuke, wadumpha. Onaninso pomwe watera: mapazi onse awiri pamzere umodzi, ngati munthu woyenda pachingwe. Apa wataya zala zinayi. Apanso wadumpha, zala zina zisanu. Pofika kumapeto wasochera ndi phazi ndi theka. Ndiye taonani ichi."

Analoza mzere wautali wokhwekhwereza, ngati podutsa njoka. Unkayambira pomwe Mphezi anathera n'kukafika pamsomali.

"Uwu ndi mwendo wakuba. Usaganize kuti ndauona lero. Ndakhala ndikuuona kuyambira kale, ndimadikira kuti mwina uchita manyazi wekha. Mwana iwe, ine ndimapanga zitseko. Ndikadula thabwa loyamba mopotoka pang'ono, n'kunena kuti palibe kanthu, lachiwiri limatsatira loyambalo, lachitatu chimodzimodzi. Pomaliza chitseko sichilowa m'felemu. Kalipentala waulesi amatenga nyundo n'kuchimenya mpaka chilowe. Mwini nyumba amawomba m'manja. Mvula ikagwa chitseko chija chimakana kutseka, ndipo wakuba amalowa ngati kwawo. Msomali uwu sindinaukhome kuti muzingougunda. Ndinaukhoma kuti uzikuuzani ngati mwayenda bwino njira yonse. Ukaunamiza msomali, wadzinamiza wekha."

Mwana wanzeru akanakhala chete. Mphezi sanakhale chete.

"Koma a Sensei, pomenyana palibe msomali. Ine anandigwetsapo ndani muno?"

Wina anagwetsa tsache.

A Sensei anabwezera pensulo kukhutu. "Tulo, kaime kumbuyo kwake. Ndikawomba m'manja, iwe Mphezi utembenuke umumenye mmene ungathere. Iwe Tulo, wawerenga kalatayi. Ukudziwa chochita."

Anawomba m'manja. Mphezi anatembenuka modumpha, mwachangu ndithu. Tulo sanaponye nkhonya. Anangokokera phazi lake pansi ngati akusuntha nsapato, n'kumutchera ndale. Mphezi anagwa chagada, utuchi n'kuti buu.

"Kachiwiri," anatero a Sensei.

Anagwanso.

"Kachitatu."

Anagwanso. Utuchi unali m'tsitsi, m'makutu ndi m'kamwa momwe.

"Pepa mnzanga," anatero Tulo akumupatsa dzanja, "koma miyendoyo umachita kundipatsa wekha."

Mphezi anakana dzanjalo n'kudzuka yekha.

"Muno sanakugwetsepo chifukwa amakuopa," anatero a Sensei. "Amathawira m'mbuyo, iwe n'kumawatsatira molunjika, ndiye sutembenuka. Kumpikisano kuli ana osakudziwa dzina. Adzakuzungulira, ndipo tsiku limenelo pansi sipadzakhala utuchi wofewa. Kata imakuphunzitsa kutembenuka nthawi chikwi popanda wokupweteka, kuti tsiku la wokupweteka phazi lidziwe lokha pokhala. Tsono mvera. Loweruka ukathera pambali pa msomali, supita kumpikisano. Zimenezo n'zazing'ono, mipikisano siitha. Koma ukadzakokanso mwendo, uvule lamba, undisiyire pabenchipo, ndipo usadzapondenso muno."

Potuluka, Mphezi anapeza bambo wina atakhala panjinga yamoto pafupi ndi zenera la shopu. Pahandulo panalendewera magolovesi ofiira a nkhonya, ndipo ana onse ankangomutcha Magolovesi. Anali ndi malo kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene achinyamata ankamenyana anthu akuonerera.

"Sisi, ndaona zonse," anatero akumwetulira. "Mwendo ngati umenewo akuuwononga ndi magule. Kwathu kulibe misomali. Timangomenya basi, anthu n'kumafuula dzina lako."

Anamupatsa kapepala kolembedwa nambala ya foni. Mphezi anangotembenuka n'kumapita. Koma kapepalako anakaika m'thumba la siketi yake ya sukulu.

3. Loko

Mphezi ankakhala ndi amayi ake m'zipinda ziwiri za kuseri kwa sitolo. Amayiwo anali amasiye, ndipo ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Mphezi anafika kunyumba dzuwa lisanalowe n'kuwapeza ataima patebulo, simbi m'manja, mulu wa malaya pambali.

Amayiwo anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Nanga utuchiwo? Wayamba ukalipentala?"

Mphezi anafotokoza kuti a Sensei amuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Za mwendo uja sanatchule.

"Wasiyapo china," anatero amayi osakweza mutu. "Ndinakubereka ine. Nena zonse."

Ananena zonse. Atamaliza anawonjezera kuti, "Ndisiya, Amayi. Amatitayitsa nthawi kumenyana ndi mdani woti palibe."

Amayi anaimika simbi. Analowa kuchipinda, anatsegula sutikesi, n'kubwera ndi loko wofiira wa penti yosupuka. Anamuika patebulo mwamphamvu moti mabatani a malaya analira.

"Uyu ndi loko wa abambo ako. Unali ndi zaka zinayi, ndipo anthu anakuuza kuti inali ngozi. Lero umve kwa ine. Kufakitale komwe ankagwira ntchito kunali makina odula zitsulo. Lamulo linali lakuti usanalowetsemo dzanja kukonza, uzimitse magetsi pabokosi, utseke bokosilo ndi loko wako, kiyi uike m'thumba mwako, kenaka udine batani uone ngati makinawo afadi. Zinthu zinayi. Abambo ako anachita zimenezo zaka khumi ndi chimodzi, tsiku ndi tsiku. Anali katswiri, ndipo ankadziwa kuti ndi katswiri, ngati iweyo. Tsiku lina magetsi anazima dera lonse, makina ali pakati pa ntchito. Iwo anati, ndidzivutitsiranji ndi loko pomwe magetsi kulibe? Analowa. Magetsi anabwera."

Mphezi anayang'ana lokoyo. Anali wotsegula.

"Anzawo anandibweretsera momwemo, m'thumba la ovolosi yawo. Mabwana awo anabwera ndi nkhope zachisoni kudzandiuza kuti anali munthu wabwino. Ubwinowo ndiphike? Ndinkawakonda abambo ako, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya nawo. Anandisiya ndi simbi iyi chifukwa chokana kutseka loko, ntchito yoti suthera nayo mpweya umodzi.

"Iwo anati magetsi kulibe. Iwe ukuti mdani palibe. Pakamwa pamodzi, bambo ndi mwana wake! Tamvera. Chinthu umachichita pomwe palibe choopsa kuti thupi lichizolowere. Choopsa chikamabwera sichigogoda pakhomo, ndipo mutu supeza nthawi yoganiza. Otsala pantchito ndi manja ndi mapazi, ndipo amachita zomwe unawaphunzitsa. Ukawaphunzitsa kudumpha, adzadumpha. Za karate yakoyo ine sindizidziwa, sukulu sindinapite nayo patali. Koma kalipentalayo akunena zoona. Kusiya siya, sindikugwira mwendo. Koma usandiuze kuti wasiya chifukwa n'kuvina. Unene kuti wagwidwa ukuba ndipo ukuchita manyazi. Bodza m'nyumba muno ayi."

Anatenganso simbi, anailavulira pang'ono kuti amve kutentha, n'kuyala malaya ena.

"Pita ukakutumule utuchiwo panja. Usandidetsere zovala za eni ake."

4. Masiku awiri

Lachinayi m'mawa, asanapite kusukulu, Mphezi anadzera kushopu. A Sensei anali mu ovolosi, akupala thabwa.

"Ndimapempha utuchi," anatero Mphezi atayang'ana pansi.

A Sensei sanamufunse ntchito ya utuchiwo. Anangoloza thumba ndi chibwano n'kupitiriza kupala.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kabwalo ka simenti komwe anthu ankayanikapo zovala. Ataweruka kusukulu, Mphezi anawazapo utuchi n'kusalaza ndi chivundikiro cha ndowa. Pakati anaikapo kachitsekero ka botolo m'malo mwa msomali. Anachita kata osakoka mwendo. Anathera kutali ndi phazi ndi theka, monga anawerengera a Sensei.

Anasalaza n'kuyambiranso, pang'onopang'ono. Kutembenuka phazi lili pansi kunali kovuta kuposa kudumpha. Ntchafu zinayamba kuwotcha. Thupi linkafunabe kudumpha lokha, chifukwa ndi zomwe analiphunzitsa.

Mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzanula zovala. Anaima n'kugwira m'chiuno.

"Anthuni, mwana wa osita wapenga! Akuvina popanda wailesi."

Amayi a Mphezi anasuzumira pazenera. "Wopenga ndi wanu uja, amene amagona mpaka teni koloko ndevu zili mbuu. Anulani zanuzo muzipita."

Mayiyo ananula msanga.

Lachisanu kunabwera Tulo, chikwama cha mabuku kumsana. Anakhala pandowa n'kuonerera kawiri.

"Ukuyang'ana pansi," anatero kenaka. "Ukusakasaka kachitsekeroko. Kasiye. Tembenuza mutu kaye, kenaka chiuno, phazi libwere pambuyo. Ndipo tsegula miyendo, usaime ngati sizasi."

"Ukundithandiziranji? Malowo ndi amodzi."

"Kupambana munthu wogwa yekha sikukoma," anayankha Tulo akuyasamula. "Yambiranso."

Anayambiranso. Pautuchi panayamba kuoneka zizindikiro zozungulira, poyamba zokhotakhota, kenaka zooneka bwino. Phazi ndi theka linasanduka phazi limodzi. Phazi linasanduka chikhatho. Pomwe amayi ankamuitana kuti akasambe, zinatsala zala zinayi, ndipo zinakana kutha. Chinyengo cha miyezi isanu ndi umodzi sichichoka masiku awiri. Amene angakuuzeni kuti chimachoka akukunamizani.

5. Zala zinayi

Loweruka m'mawa amayi anakana kumuperekeza.

"Ndili ndi malaya makumi atatu ndi zovala zako zasukulu," anatero. "Pita. Phazi ndi lako."

Kushopu pansi panali posesa bwino. Panalibe ndi kautuchi komwe kolemba kalata. Ana anakhala pansi motsatira khoma. A Sensei anaima kutsogolo, tepi yoyezera matabwa ili m'manja.

Tulo anayamba. Anathera pamsomali ngati anamangidwapo ndi chingwe.

Kenaka Mphezi anaika chidendene pamsomali n'kuwerama. Anatchinga kumanzere, anaponya nkhonya. Anatembenuza mutu, chiuno, phazi n'kutsatira lili pansi. Sanathamange. Ana ena anayang'anana, chifukwa anali asanamuonepo akuchita kata yotere. Anapita kutsogolo, anafuula, anatembenuka kachiwiri, anabwerera. Inatsala sitepe yomaliza.

Nthawi yomweyo munthu wina anamenya chitseko cha shopu ndi chibakera.

"Kalipentala! Kabati yanga ija ili kuti? Munati Lachisanu! Kodi mbale zanga ndiziika pamutu?"

A Sensei anatembenukira kukhomo. Ana onse anatembenukanso, ena akuseka. Mphezi anaponda sitepe yomaliza. Pansi pa chidendene chake panali thabwa lokha. Msomali unali pambali pang'ono, ukunyezimira.

Panalibe womuyang'ana. Pansi panalibe utuchi. Sikunafunike n'kukoka mwendo komwe, kungosendeza chidendene basi, ngati munthu woyabwidwa. Mwendo unkafuna kusendera wokha, chifukwa njira imeneyo unkaidziwa bwino.

Mphezi anaupanikiza pansi. Anaima pomwepo.

"Bwerani madzulo, bambo, guluu sanaume!" anafuula a Sensei. Kenaka anatembenuka, anayang'ana phazi la Mphezi, n'kuyang'ana msomali. Ananyonyomala n'kukoka tepi, ngakhale kuti maso okha akanakwana.

"Zala zinayi," anatero. "Valani zoteteza m'manja. Mumenyane."

Tulo sanathawire m'mbuyo ngati ana ena. Anazungulira, n'kuzunguliranso, mpaka anapezeka kumbali ya kumsana kwa Mphezi. Mphezi anatembenuka. Tulo anakokera phazi lake pansi monga anachitira Lachitatu. Koma ulendo uno linagunda mwendo wolimba ngati wa tebulo. Dzanja lamanzere la Mphezi linatchinga, lamanja linatsatira n'kuima pafupi ndi lamba wa Tulo, osamukhudza. Zinali ndendende ngati chiyambi cha kata ija. Mwiniwakeyo anayang'ana nkhonya yake modabwa, ngati ya munthu wina.

"Basi!" anatero a Sensei.

"Mayo ine," anatero Tulo akutsimphina. "Ndadziphunzitsira chondipweteka."

Ana anaima pamzere. A Sensei sanazungulire.

"Pomenyana wapambana Mphezi. Kumpikisano apita Tulo. Lamulo ndinalinena Lolemba, ndipo silisintha."

Ana anawombera Tulo m'manja. Mphezi anawomba nawo. Maso ankamuwotcha, koma sanagwetse msozi. Anzake atayamba kubwezera mabenchi m'malo, a Sensei anamuitanira pambali.

"Ndinayang'ana kukhomo nthawi yaitali," anatero. "Unali ndi mpata."

"Inde, a Sensei."

"Nanga bwanji sunasendeze?"

"Ndi pomwe ndinathera."

A Sensei anapinda tepi n'kuiika m'thumba.

"Zala zinayi ndi ntchito ya mwezi umodzi. Mwendo wakuba ndi ntchito ya moyo wonse, ndipo ambiri amafa nawo. Lero wataya ulendo. Lamba ndi wako. Lolemba ubwere msanga, uyambe ndiwe kusesa."

6. Njinga pakhomo

Mphezi anayenda wapansi kubwerera kwawo, lamba atamupinda bwino m'chikwama. Anadutsa pasitolo n'kukhotera kuseri. Pakabwalo ka simenti utuchi unali ukadalipo, ndi mapazi ake a dzulo.

Pakhomo pawo panaima njinga yamoto. Pahandulo panalendewera magolovesi ofiira.

Anagwira m'thumba, kenaka anakumbuka. Kapepala kaja anakasiya m'siketi ya sukulu, ndipo wochapa zovala sanyika chovala m'madzi asanapisemo dzanja m'matumba.

Anakankha chitseko. Magolovesi anali atakhala pakampando kakafupi, mawondo ali m'mwamba, chisoti chili pamiyendo. Kumwetulira kuja kunali kutatha. Patebulo panali kapepalako, katapanikizidwa ndi loko wofiira. Amayi anali ataima pakati pa mlendoyo ndi khomo, simbi yotentha ili m'manja.

"Wathera pati?" anafunsa osamuyang'ana.

"Pambali, Amayi. Zala zinayi."

"Wakoka mwendo?"

"Ayi."

Amayi anagwedeza mutu kamodzi.

"Chabwino. Bambo awa ndawaitana ndine, panambala yawo yomweyi. Munthu wopatsa mwana wanga timapepala mumsewu ndimafuna ndimuone nkhope. Tseka chitseko, ukhale apo. Atiuze tonse awiri zimene akufuna ndi mwendo wako."